Galimoto Yopanda Dalaivala ndi Phunziro la "If"

  Lero mu pologalamu yathu ya zamaphunziro tikambirana za kachigawo ka Chingerezi kamene kamagwetsa ana ambiri pa mayeso, komanso kamapunthwitsa ngakhale akuluakulu a m'maofesi akamalemba makalata. Ndikunena ziganizo zija zokhala ndi if, zimene mabuku a galamala amazitchula kuti conditionals. Tiona mmene mphunzitsi angaphunzitsire ziganizo zimenezi kudzera mu nkhani ya magalimoto odziyendetsa okha ndi maloboti. Ndikati maloboti sindikunena magetsi a pamphambano ayi, koma makina ogwira ntchito imene kale inkafuna manja a munthu.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'makalasi ambiri. Mphunzitsi amajambula mizere pabolodi, nalemba type one, type two, type three, kenako ana amaloweza kuti apa pakhale will, apa would, apa would have. Chitsanzo chake n'chomwechija chaka ndi chaka: mvula ikagwa ndikhala pakhomo. Mwana amakopera, amaloweza, mwina pa mayeso amadzaza bwino mpata umene wasiyidwa. Koma mumufunse za tsogolo lake, mumva akuti, "If I will pass, I would go to college." Analoweza kapangidwe ka chiganizo, koma palibe amene anamuuza chifukwa chimene munthu amasankhira mtundu uwu kusiya uwo.

Mfundo yanga lero ndi yakuti kusankha mtundu wa chiganizo cha if ndi kuulula maganizo ako. Mukamasankha mneni, mukuuza womvera ngati chinthucho chimachitika nthawi zonse, ngati mukuyembekezera kuti chichitika, ngati mukungolota, kapena ngati mwayi wake unapita kale. Choncho mwana amafunika nkhani imene zinayi zonsezi zikupezekamo, ndipo iye ali nayo maganizo. Nkhani ya magalimoto opanda dalaivala ili nazo zonse.

Magalimoto amenewa alipodi. Kampani ya Google inayamba kuwayesa mu 2009, ndipo mu 2016 ntchitoyo inasanduka kampani payokha yotchedwa Waymo. Mu October 2020, Waymo inatsegulira anthu wamba ulendo wa matakisi opanda munthu pachiwongolero m'dera la mzinda wa Phoenix ku America. Pambuyo pake matakisiwa anafika ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Ku China, kampani ya Baidu ikuyendetsa ake mumzinda wa Wuhan. Munthu amaitana galimoto pafoni, imabwera, amalowa kumpando wakumbuyo, ndipo chiwongolero chimazungulira chokha.

Imaona bwanji msewu? Ili ndi makamera mbali zonse. Ili ndi radar imene imayeza liwiro la zinthu zoyenda. Ilinso ndi chipangizo chotchedwa lidar, chimene chimaponya kuwala n'kuyeza nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere, potero n'kudziwa kutalika kwa mtunda kufika pa mtengo, pa munthu kapena pa galimoto inzake. Zonsezi zimapita mu kompyuta imene ili ndi mapu a misewu ya mzindawo. Kompyutayo inaphunzitsidwa ndi zitsanzo zambirimbiri za pamsewu, koma zimene aliyense amayembekezera kwa iyo zimanenedwa mosavuta: ukaona ichi, chita ichi. Apa ndi pamene phunziro lathu likuyambira.

[Kanyimbo kakafupi]

Mtundu woyamba ndi umene mabuku amati zero conditional, wonena zinthu zimene zimachitika nthawi zonse. M'Chichewa timati, ukaponda mabuleki, galimoto imaima. M'Chingerezi aneni onse awiri amakhala mu nthawi yatsopano: "If you press the brake, the car stops."

Aphunzitsi, yesani izi, sizifuna magetsi kapena kompyuta. Kankhirani madesiki m'mbali kuti pakati pakhale msewu, ndipo ngati kalasi ndi yothithikana tulukani panja pansi pa mtengo. Mwana mmodzi akhale galimoto. Ena onse ndi mainjiniya, ndipo ntchito yawo ndi kulemba malamulo pabolodi. Wina alemba, "If the light is red, the car stops." Wina, "If a child crosses the road, the car slows down." Galimoto ija imamvera zokhazo zimene zalembedwa, yokha siganiza. Iyambe kuyenda. Ndiyeno inu mumunong'oneze mwana wina kuti akhale mbuzi, adumphire mumsewu. Galimoto iyang'ana pabolodi, lamulo la mbuzi palibe, ndipo ingopitirira n'kuigunda mbuziyo. Kalasi yonse ifa ndi phwete, koma muona manja ali m'mwamba, aliyense akufuna kukonza lamulo. Wina ati tiwonjezere mbuzi. Wina ati nanga nkhuku, nanga ngolo, nanga wakabaza wonyamula matumba a makala? Posakhalitsa wina wochenjera anena kuti, "If anything blocks the road, the car stops." Ana alemba ziganizo zambiri zolondola osadziwa kuti akuchita galamala, ndipo atulukira okha vuto lenileni limene mainjiniya amalimbana nalo, lakuti pamsewu pamachitika zinthu zochuluka kuposa zimene munthu angalembe.

Pomwepo lowetsaniponso unless, mawu amene amasokoneza ambiri. "The car does not move unless the door is closed." Galimoto siyenda pokhapokha chitseko chitatsekedwa. Ana amene anakwerapo minibasi yonyamuka kondakitala akulendewera pakhomo amvetsa msanga.

Mtundu wachiwiri ndi first conditional, wonena zimene tikuona kuti zikhoza kuchitikadi m'tsogolo. "If driverless taxis become cheap, many drivers will lose their jobs." Matakisi opanda dalaivala akatchipa, madalaivala ambiri ntchito idzawathera. Kumbali ya if mneni ali mu nthawi yatsopano, will ali kumbali inayo.

Apa ndi pamene ana athu amalakwitsa kwambiri, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo chathu. Ife timati, akadzabwera tidzadya. Kamphatikiri kaja dza, kosonyeza m'tsogolo, kali mbali zonse ziwiri, ndipo ndi Chichewa chabwinobwino. Mwana akamasamutsira ganizo limeneli m'Chingerezi amaika will mbali zonse ziwiri, n'kutuluka "If they will come, we will eat." Si umbuli ayi, akutsatira lamulo la chilankhulo chake. Mphunzitsi wanzeru amalemba ziganizo ziwirizi moyandikana, cha Chichewa pamwamba, cha Chingerezi pansi, n'kuwaonetsa ana kuti Chingerezi chimakhutira ndi chizindikiro chimodzi cha m'tsogolo. Mwana akaona gwero la cholakwacho, amasiya msanga kusiyana ndi pamene mwangomudula ndi cholembera chofiira.

Mtundu umenewu umakoma pa mtsutso. Gawani kalasi pawiri, mbali ina ikhale eni makampani, mbali ina madalaivala. Lamulo ndi lakuti aliyense ayambire pamene mnzake wathera. Wina akati makina akatenga ntchito anthu adzasowa ndalama, wotsatira ayambe ndi anthu akasowa ndalama, n'kumaliza yekha. Apatseni mfundo zoona kuti asamangolankhula za m'mutu. Loboti yoyamba ya m'fakitale, yotchedwa Unimate, inayamba ntchito mu 1961 pa fakitale ya General Motors ku New Jersey, ndipo ntchito yake inali yonyamula zitsulo zotentha zimene zinali zoopsa kwa anthu. Kodi inalanda ntchito, kapena inapulumutsa manja a anthu? Funso limeneli lilibe yankho limodzi, n'chifukwa chake ana amalimbikira kulankhula.

[Kanyimbo kakafupi]

Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukambirana za kaphunzitsidwe ka ziganizo za if m'Chingerezi kudzera mu nkhani ya magalimoto odziyendetsa okha. Tafika pa mtundu wachitatu, second conditional, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Tamverani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "If driverless minibuses come to Lilongwe, fares will go down." Chachiwiri: "If driverless minibuses came to Lilongwe, fares would go down." Zonse ndi zolondola, ndipo zonse zikukamba za m'tsogolo. Came uja sakunena za dzulo ayi. Kusiyana kwake kuli mumtima mwa wolankhula. Woyamba akuona kuti minibasi zimenezi zikhoza kubweradi. Wachiwiri akuti, zitati zabwera, koma ine sindikukhulupirira. Chingerezi chimabweza mneni m'mbuyo pofuna kusonyeza kuti chinthucho chili kutali ndi zoona, osati kutali ndi lero.

Choncho m'malo mouza ana kuti lembani ziganizo zisanu za type two, afunseni kuti: inu mukuona bwanji, magalimoto amenewa adzayenda m'misewu yathu inu muli moyo? Amene akuti inde alembe ndi come ndi will. Amene akuti ayi alembe ndi came ndi would. Kenako aliyense ateteze mneni wake. Wina anena za maenje a mumsewu ndi mizere yoyera imene inafufutika kalekale. Wina anena za kuthimathima kwa magetsi. Wina ayankha kuti agogo ake sankalota n'komwe zotumiza ndalama pafoni, koma lero akulandira. Galamala yasanduka chida chonenera zimene munthu akukhulupirira, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yake.

Maloboti amathandiza pano kuti ana amasuke. "If I had a robot, it would fetch water for my mother." Ndikanakhala ndi loboti, bwenzi ikuwatungira madzi amayi. Mumva za kupalira, za kuchapa, za kulondera chimanga usiku, ndipo mudziwa zambiri za moyo wa ana anu kuposa zimene kaundula wa kalasi angakuuzeni. Musaiwale kuwaphunzitsa "If I were," kamene olemba mayeso amakakonda: "If I were an engineer, I would build a robot for the maize mill."

Kwa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 pali nkhani ina yozama. Akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku America anakonza kafukufuku wa pa intaneti wotchedwa Moral Machine. Ankaonetsa anthu galimoto yodziyendetsa imene mabuleki ake afa, ndipo iyenera kusankha kumene ikhotere: kwa ana kapena kwa okalamba, kwa anthu ambiri kapena ochepa, kwa anthu kapena ziweto. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018, zitasonkhanitsa mayankho pafupifupi 40 miliyoni ochokera m'maiko ndi madera 233. Ambiri anasankha kupulumutsa anthu kusiya nyama, ochuluka kusiya ochepa, ndi ana kusiya achikulire, koma m'maiko ambiri a kum'mawa kwa Asia mtima wokondera ana kuposa okalamba unali wocheperako. Funsani kalasi yanu: "If you were the car, what would you do?" Mudzaona kuti ngakhale mwana wamanyazi amene satsegula pakamwa chaka chonse ali ndi mawu, chifukwa nkhani ya agogo ndi mdzukulu si yachilendo kwa iye.

[Kanyimbo kakafupi]

Mtundu wotsiriza ndi third conditional, wa zinthu zimene zinapita ndipo sizingabwezedwe. Akuluakulu anati ndikanadziwa ndikanaphika therere, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti wonena mawu amenewa wachedwa kale. M'Chingerezi timati had ndi mneni kumbali ya if, would have kumbali inayo: "If I had known, I would have come."

Vuto la ana athu pano ndi lakuti kamphatikiri kathu kaja kana kamagwira ntchito ziwiri. Timati, ndikanakhala mbalame ndikanauluka, kunena za lero lomwe lino. Timatinso, ndikanadzuka msanga ndikanaipeza basi, kunena za m'mawa umene wapita. Chingerezi chimalekanitsa ziwirizi, choyamba ndi would, chachiwiri ndi would have. Funso limene mwana ayenera kudzifunsa asanalembe ndi ili: kodi ndikulota za pano, kapena ndikudandaula za kale?

Mbiri ya magalimotowa ili ndi zitsanzo zabwino. Mu March 2004, bungwe la kafukufuku la asilikali a America lotchedwa DARPA linakonza mpikisano m'chipululu cha Mojave. Magalimoto 15 opanda dalaivala anasankhidwa kuti ayende ulendo wa makilomita oposa 200, mphoto yake 1 miliyoni ya madola. Palibe ngakhale imodzi imene inafika. Imene inayesetsa, ya yunivesite ya Carnegie Mellon, inayenda makilomita pafupifupi 12 okha n'kutitimira. Chaka chotsatira, mu 2005, anabwereza mpikisanowo, ndipo magalimoto 5 anamaliza. Yopambana inali Stanley, ya yunivesite ya Stanford, ya gulu lotsogozedwa ndi Sebastian Thrun, amene pambuyo pake anakatsogolera ntchito ya Google ija. Apatseni ana nkhani imeneyi, alembe okha: "If they had given up in 2004, Stanley would not have won in 2005." Ana akuthwa apita patsogolo n'kusakaniza kale ndi lero: "If they had given up, we would not have these taxis today." Musawadule, chimenecho ndi Chingerezi cholondola ngakhale sichikwana m'mizere itatu ya pabolodi ija.

Pali nkhani inanso yofunika kuikamba mwaulemu, chifukwa munatayika moyo wa munthu. Usiku wa pa 18 March 2018, mumzinda wa Tempe ku Arizona, galimoto yoyeserera ya kampani ya Uber inagunda ndi kupha mayi Elaine Herzberg, a zaka 49, amene ankawoloka msewu akukankha njinga. Bungwe lofufuza ngozi la ku America linapeza kuti zipangizo za galimotoyo zinawaona mayiwo kutatsala masekondi 5.6 kuti iwagunde. Koma kompyuta inkasinthasintha maganizo, apa ikuti ndi galimoto, apa ikuti ndi chinthu chosadziwika, apa ikuti ndi njinga, ndipo sinakonzedwe kuti iziyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere yowolokera. Mabuleki adzidzidzi amene galimoto ya Volvo imeneyo inabwera nawo kuchokera ku fakitale anali atazimitsidwa. Munthu amene anaikidwa pachiwongolero kuti azilondera maso ake anali pafoni.

Mwana akamva zimenezi safunikanso kuuzidwa kuti agwiritse ntchito type three, nkhaniyo imamukokera komweko yokha. "If the driver had watched the road, she would have braked in time." "If the company had not switched off the emergency brakes, the car might have slowed down." Taonani might have ameneyo. Tikamakamba za ngozi sitinganene motsimikiza kuti zikanatha bwanji, ndiye mwana aphunzire kuti would have ndi kutsimikiza, might have ndi mwina, could have ndi kuthekera. Kenako afunseni kuti wolakwa ndani, wolondera uja, kampani, kapena boma limene linaloleza kuyesera pamsewu wa anthu. Ameneyo ndi mutu wa chimangirizo wokwanira bwino.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, bwanji kuvutitsa ana ndi magalimoto a ku Arizona pamene iwo amayenda wapansi makilomita angapo kupita kusukulu? Funso lake ndi lomveka. Koma kutalikira kumeneko ndiko kukuthandiza phunziroli. Kwa mwana wa ku Phoenix galimoto yopanda dalaivala ndi nkhani ya stops ndi will, kwa mwana wa ku Ntchisi ndi nkhani ya would, ndipo kuona kusiyana kumeneko ndiko kumvetsa galamala yake. Komanso makina odziyendetsa si achilendo kwenikweni kwathu kuno. Mu 2017 boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linatsegula dera loyeserera tindege topanda woyendetsa ku Kasungu, pofuna kuona mmene tingathandizire kunyamula zinthu zachipatala ndi kujambula madera a ngozi. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Zimene dzana zinali za would, lero zina zasanduka za will.

Chenjezo langa kwa aphunzitsi ndi lakuti nkhani isameze phunziro. Mtsutso ukatentha ana amathawira ku Chichewa, kapena amayamba kuponya Chingerezi chilichonse. Aloleni ayambe aganiza m'chilankhulo chawo, koma chiganizo chomaliza chilembedwe pabolodi, ndipo kalasi yonse ione ngati mneni wake akugwirizana ndi zimene mwini wake akutanthauza. Musaphunzitse mitundu yonse inayi tsiku limodzi. Ndipo mizere ija ya type one, type two ibwere pamapeto, ngati chidule cha zimene ana apeza kale okha. Tisaiwale kuti popanda kukhoza Chingerezi palibe satifiketi ya MSCE, choncho nthawi imene tathera pa ziganizo zimenezi sinapite pachabe.

Ophunzira amene mukumvera, nayi ntchito yanu ya sabata ino. Lembani ziganizo zinayi za galimoto yopanda dalaivala kapena za loboti: chimodzi cha zimene imachita nthawi zonse, chimodzi cha zimene mukuona kuti zidzachitika, chimodzi cha zimene mukungolota, ndi chimodzi cha mpikisano wa 2004 uja. Mukawaonetse aphunzitsi anu, ndipo pa chiganizo chilichonse mukhale okonzeka kufotokoza chifukwa chimene mwasankhira mneni ameneyo. Makolo, mwana akakuwerengerani ziganizo zake, mufunseni kuti akumasulireni m'Chichewa, ndipo mudziwa nokha ngati wamvetsa.